Za anzathu a chaka choyamba

Andiika mu komiti yokonza zochita za ophunzira a chaka choyamba akaweruka m'kalasi. Anzanga akuti tingochita phwando lalikulu lowalandira, basi. Ine ndakana. Paphwando amavina ndi odziwana kale, wamanyazi uja amangoima pafupi ndi khomo, maso pa foni, kenako ulendo wa ku hosteli.

Ndapempha kuti tiwagawe m'magulu a anthu 8, gulu lililonse likhale ndi wa chaka chachitatu mmodzi. Awaonetse kabwerekedwe ka mabuku ku laibulale, Loweruka akamenye mpira limodzi. Ndipo tisaunjike zonse sabata yoyamba, munthu akadasochera pofuna kalasi. Ine kusungulumwa kunandigwira mwezi wachiwiri, ma asainimenti atandipanikiza.

Inuyo chinakuthandizani n'chiyani chaka chimenecho?