Timayeza chipinda kaye, zenera la padenga timasankha pambuyo

Ntchito yathu ndi yoika mazenera padenga. Tilipo anthu ochepa: ine, mchimwene wanga amene ndi kalipentala, anyamata awiri okwera padenga, ndi mayi akunyumba amene amasunga mabuku ndi kuyankha mafoni. Poyamba tinkangokhoma madenga ndi masiling'i. Chimene chinatikokera ku mazenera ndi nyumba zimene tinkalowamo pogwira ntchitoyo. Nyumba yaikulu, yomangidwa bwino, koma pakati pake pali kolido yamdima moti getsi limayaka tsiku lonse. Kapena khitchini imene zenera lake linatsekeka pamene ankawonjezera chipinda kuseri. Eni ake ankatifunsa ngati pali njira yotsitsira kuwala kuchokera pamwamba, popeza makoma onse anali atatha kale. Tinayamba ndi malata oonekera aja apulasitiki, kenako tinaphunzira kuika mazenera enieni agalasi, okhala ndi felemu yake ndi zotsekera madzi zake, ndipo lero ndiyo ntchito imene imatidyetsa.

Anthu ambiri akatiimbira foni amakhala atasankha kale mumtima mwawo. Aona chithunzi pa intaneti, denga lonse lili galasi lokhalokha, ndiye akufuna chomwecho. Funso lawo loyamba limakhala lakuti, "Lalikulu kwambiri limene muli nalo ndi lotani?" Pamenepo m'pamene bizinesi yathu inasiyana ndi anzathu ena. Tinagwirizana kuyambira pachiyambi kuti sititchula saizi pafoni. Timapita kaye ndi tepi, kuyeza pansi pa chipindacho, kukwera m'siling'i ndi tochi, kutuluka panja kukaona kumene denga lapenya. Ena amakhumudwa, amaona ngati tikuwachedwetsa dala, ndipo alipo amene anapita kwina. Sitinasinthe, chifukwa dzenje loboola padenga silibwezeka mosavuta ngati mmene munthu amabwezera katani imene sinamusangalatse.

Chifukwa chachikulu n'chakuti zenera la padenga limalowetsa kuwala kochuluka kuposa la pakhoma la saizi yomweyo. La pakhoma limayang'ana mpanda, mtengo, kapena nyumba ya mnansi, ndipo limaona kachigawo kochepa ka thambo. La padenga limayang'ana kumwamba kwenikweni. Tsiku la mitambo, thambo la pamwamba pamutu limawala pafupifupi katatu kuposa la m'munsi kumene thambo limakumana ndi dziko. N'chifukwa chake kazenera kamene kamaoneka kakang'ono kali pansi m'katoni kamadabwitsa mwini nyumba kakakwera. Munthu akamayerekeza ndi mazenera a m'makoma amene anazolowera, nthawi zonse amapempha chachikulu kuposa chimene chipinda chikufuna.

Poyeza timayambira pa muyezo umene unduna woona za mphamvu ku United States umalangiza: m'chipinda chimene chili kale ndi mazenera ambiri, zenera la padenga lisapitirire 5 peresenti ya kukula kwa pansi, ndipo m'chipinda cha mazenera ochepa lisapitirire 15 peresenti. Pabalaza pa mamita 4 kwa 5 pali masikweya mita 20. Ngati pali mazenera abwino m'makoma, sikweya mita imodzi ya galasi padenga yakwana. Ngati ndi chipinda chapakati chopanda zenera, mungafike pa masikweya mita atatu, koma amenewo ndi malire, osati cholinga. Ife kawirikawiri timaima pansi pa malirewo, makamaka pamene dzuwa limawomba mwamphamvu. Palinso china chimene ambiri sachiona: nambala zolembedwa pakatoni ndi za felemu yonse. Zenera la masentimita 78 kwa 118 limatenga malo opitirira masikweya mita 0.9 padenga, koma galasi lolowetsa kuwala ndi pafupifupi 0.6 basi. Powerengera timatenga galasilo.

Tsopano nkhani ya kutentha, imene ndi imene imandipweteka mtima ndikaona ntchito zochitidwa mosaganizira. Masana kunja kulibe mitambo, dzuwa limatsitsa mphamvu pafupifupi mawati 1,000 pa sikweya mita iliyonse imene yaliyang'ana. Galasi la mapepala awiri likhoza kulowetsa theka la mphamvuyo kapena kuposerapo. Ndiye kuti masikweya mita awiri a galasi loyang'ana dzuwa ali ngati mwayatsa hita ya mawati 1,000 m'chipinda nthawi yotentha, n'kuiwala pozimitsira. Ndalowapo m'nyumba zimene eni ake anamata makatoni pansi pa zenera lokongola lodula, chifukwa sakanatha kukhalamo masana. Sofa itasuluka mbali imodzi, pa TV sipaoneka kanthu, ana akuchitira homuweki kuchipinda china. Usiku wozizira vutolo limatembenuka: mpweya wofunda umakwera m'mwamba, ndipo galasi limautaya msanga kuposa siling'i yotchingidwa bwino. Galasi likakula, zonse ziwiri zimakula.

Pa chifukwa chimenechi, mbali imene denga lapenya imasintha saizi. Kumwera kwa ikweta dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho denga loyang'ana kumpoto ndi limene limapsa, ndipo loyang'ana kumwera limapereka kuwala kofatsa kosasinthasintha. Kumpoto kwa ikweta n'zosemphana. Amene ali pafupi ndi ikweta dzuwa limawadutsa pamutu penipeni miyezi ina, moti mbali zonse ziwiri zimalandira. Kulikonse, kumadzulo n'koopsa, chifukwa dzuwa la masana kupita madzulo limapeza nyumba itatentha kale. Kumbali yofatsa timalola zenera kukulirapo. Kumbali ya dzuwa timalichepetsa, n'kuika galasi lopakidwa zotchinga kutentha, komanso chotchinga chakunja ngati mwini angakwanitse, chifukwa katani ya mkati imatchinga kuwala kutentha kutalowa kale.

Mayi wina anatiitana kuti tiike zenera m'khitchini mwake, ndipo ankafuna la masentimita 134 kwa 140 pakati penipeni. Khitchiniyo inali yaitali, yopapatiza, mamita 2.5 kwa 6, zenera limodzi laling'ono kumapeto. Mchimwene anakwera m'siling'i n'kupeza mathirasi, matabwa olumikizidwa mwa makona atatu amene amanyamula denga, otalikirana masentimita 60. Ine ndinaima pasinki n'kuwapempha kuti andionetse pamene amadulira zinthu.

"Mayi, mukaima apa, zenera lili pakati kumbuyo kwanu, mthunzi wanu ugwera pati?"

Anayang'ana pathebulopo kwa kanthawi. "Pamanja panga pomwe."

"Ndiye tiyeni tiike awiri aang'ono, lina pamwamba pa sinki, lina chakuchitofu. Galasi lonse pamodzi likhala lochepa kuposa limene mumafunalo, koma kuwala kugwera pamene mumagwirira ntchito."

"Bambo, simukundichepetsera kuti ntchito ikupepukireni?"

Funso limenelo ndimalilemekeza, chifukwa munthu ali ndi ufulu wokayikira mmisiri. Ndinawauza zoona, kuti mabowo awiri ndi ntchito yambiri kwa ife kuposa limodzi, ndipo ndinawakweza pamakwerero kuti aone okha matabwa amene tikanadula. Tinaika awiri a masentimita 55 kwa 98, lililonse pakati pa mathirasi, popanda kudula thabwa ndi limodzi lomwe. Mazenera awiri kapena atatu omwazikana amawalitsa chipinda mofanana. Limodzi lalikulu limapanga dziwe la kuwala pakati, ndipo maso akazolowera kuwalako, m'makona mumaoneka mdima kuposa kale.

Matabwa a denga ndiwo amakhala ndi mawu omaliza. Mathirasi opangidwa kufakitale anawerengedwa kuti thabwa lililonse linyamule gawo lake, ndipo ife sitidula thirasi popanda injiniya kulemba mmene katunduyo adzasamutsidwire. Apa sitinyengerera munthu, ngakhale atakwiya. Denga la mapaso wamba limalola kudula phaso limodzi, bola muike mitanda iwiriiwiri pamwamba ndi pansi pa bowo, ndi kulimbitsa mapaso a m'mbali. Koma ntchito imeneyo imadya matabwa ndi nthawi, choncho timafunsa kaye ngati n'zofunikadi. Kuwala kukafunika kochuluka, timakonda kutalikitsa zenera motsata kutsetsereka kwa denga m'malo molikulitsa m'lifupi. Makampani opanga mazenera amadziwa zimenezi. VELUX, imene Villum Kann Rasmussen anaiyambitsa ku Denmark mu 1941, imapanga mazenera a m'lifupi mofanana koma otalika mosiyanasiyana, monga 78 kwa 98, 78 kwa 118 ndi 78 kwa 140, ndipo zimenezi zimathandiza kuwonjezera galasi osakhudza phaso lina.

Kutsetsereka kwa denga nakonso timakuyeza. Mazenera otseguka pozungulira pakati amafuna denga lopendekera madigiri 15 kapena kuposerapo. Denga likagona kwambiri, madzi amachedwa, fumbi ndi masamba zimaunjikana kumtunda kwa felemu, ndipo pamafunika kumanga kabokosi kokweza zenera kuti lipendekere. M'chipinda cha m'denga mmene munthu amafuna kusuzumira kunja, denga logona limafuna zenera lalitali kuti wokhala pampando ndi woimirira onse aone kunja.

Mbali imene makasitomala saiganizira konse ndi ya pakati pa denga ndi siling'i. Nyumba ya siling'i yathyathyathya imafuna ngalande yotsitsira kuwala kuchoka padenga kufika m'chipinda. Ngalandeyo ikatalika, kuwala kumatayika m'njira pogunda makoma ake. Zenera lomwelo limene limawalitsa chipinda chonse pa ngalande ya theka la mita limangopereka kachigamba ka kuwala pa ngalande ya mamita awiri. Ambiri akamva zimenezi amati ndiye tikulitse zenera. Ife timayamba ndi kutambasula ngalandeyo kuti kukamwa kwake kwa pansi kukule kuposa kwa pamwamba, n'kuipaka penti yoyera. Mchimwene amaikonda ntchito imeneyi kuposa ina iliyonse. Amamanga zingwe zinayi kuchoka m'makona a felemu kufika pasiling'i, n'kumazisuntha pang'onopang'ono uku akuyang'ana pamene kuwala kukugwera pansi, asanadule bolodi ndi limodzi. Kunja kwa ngalandeyo timakutako zotchinga kutentha, apo ayi kutentha konse kwa m'denga kumatsikira m'chipinda, ndipo nthawi yozizira makoma ake amachita thukuta mpaka nkhungu.

Kwa bafa, kolido ndi chipinda chosungira zovala, kawirikawiri sitiika zenera konse. Timaika paipi yonyezimira mkati, ya masentimita 25 kapena 35 m'mimba mwake, yokhala ndi kachipewa koonekera padenga ndi kagalasi komwaza kuwala pasiling'i. Imakhotera pakati pa matabwa, kutentha imalowetsa kochepa, ndipo ntchito imatha tsiku lomwelo. Phindu lathu pamenepo ndi lochepa kuposa la zenera, ndipo mayi akunyumba amaliona m'mabuku, koma iwo omwe ndi amene amandikumbutsa kuti makasitomala ambiri atsopano amabwera chifukwa choona kolido ya mnzawo. Koma kumene kuli nthunzi yambiri, monga bafa lopanda zenera, timalangiza kazenera kakang'ono kotseguka, chifukwa mpweya wotentha ndi wa chinyezi umakwera wokha n'kutulukira pamwamba.

Za kudontha ndinene mosabisa, popeza ndilo mantha a aliyense. Kukula kwa zenera pakokha sikuchititsa kudontha, koma likakula, m'mphepete mofunika kutseka mumatalika, ndipo madzi amene limawatchinga kumtunda amachuluka. Chimene chimateteza nyumba ndi flashing, timalata topindidwa tolowa pansi pa zofolera kumtunda ndi kutulukira pamwamba pake kumunsi, kuti madzi ayende okha. Flashing ya matailosi ndi ina, ya malata ndi ina. Silikoni amathandizira chabe. Dzuwa likamuwotcha zaka zingapo amang'ambika. Ndiponso galasi lililonse limene tiika pamwamba pa mitu ya anthu limakhala lomatidwa ndi pulasitiki pakati kumbali ya mkati, kuti likasweka zidutswa zisagwe. Zenera likakula galasi lotere limalemera kwambiri, ndipo kulikweza padenga kumafuna anthu ambiri ndi zingwe, nkhani imene anyamata athu amaiwerengera tisanavomere ntchito.

Tikatha kuyeza timamata pepala kapena tepi pasiling'i molingana ndi bowo limene tikufuna kuboola, n'kuwasiyira eni nyumba masiku angapo kuti alione ali pampando, ali pabedi, ali pachitofu. Ambiri akaliona pamwamba pawo amavomereza kuti ndi lokwanira, ndipo ena amapempha kuti tilisunthe pang'ono kuchoka pamwamba pa bedi kapena pa TV. Tikaika, timabwerako mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, kukwera m'siling'i ndi tochi kukagwira matabwa ozungulira felemu ngati ali ouma, ndi kuchotsa masamba kumtunda kwa flashing. Ulendo umenewo uli kale mu mtengo wa ntchito, ndipo ndi pamene timalemba m'kope lathu saizi ya chipinda, saizi ya galasi, mbali imene denga lapenya, ndi zimene eni ake anena za kuwala ndi kutentha. Kope limenelo ndi limene timatsegula tikamawerengera nyumba yotsatira.