Sabata imodzi pa miyala yakuda ya ku Ngabu

Lolemba tinatsetsereka pa Thabwa dzuwa lisanakwere, koma pomwe timawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu malaya anali atanyowa kale ndi thukuta. Ntchito yanga ndi yofufuza za miyala, ndipo ulendo uno ndimakayendera anthu okumba agate, mwala wokongola wa mizeremizere, kumadzulo kwa Ngabu.

Lachiwiri tinayamba takaonekera kwa a nyakwawa. Titafika ku maenje, bambo wina wachikulire, amene wakumba kuno kwa zaka zambiri, anandifunsa: "Mwana wanga, inu ophunzira mumati miyala iyi inachokera ku moto. Nanga phiri lamotolo lili kuti?"

Ndinawauza kuti, bambo, phirilo musalifune. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo nthaka inang'ambika ming'alu italiitali, chiphalaphala chamoto n'kumatuluka, kuyenderera ngati phala lotayika, china kudzasanjikiza pa chinzake. Chitazizira chinasanduka mwala wakudawu, basalt. Chiphalaphala cha nyengo yomweyo n'chomwe chinapanga mapiri a ku Lesotho. Mwalawu ukafumbutuka umapereka dothi la makande lomwe alimi akuno amadzalamo thonje. Apa bambo aja anagwedeza mutu, poti makande amawadziwa kuposa ine.

Lachitatu ndi tsiku lomwe linandikhalira mumtima. Ndinaswa mwala ndi nyundo anthu atandizungulira, mkati mwake munali timabowo ngati m'kati mwa mandasi. Chiphalaphala chimatuluka ndi mpweya, ndipo mpweyawo umakwera m'mwamba monga zimachitikira phala likamabwata. Pamwamba pakauma msanga, mpweya umatsekeredwa, n'kusiya mphako. Moto ntchito yake inathera pomwepo. Zotsalazo anachita ndi madzi. Madzi olowa m'ming'alu ankasungunula silika, mchere wina wa m'mwala, n'kumakamusiya m'mphakomo, kamzere kamodzi, kenako kena pamwamba pake, kuchokera m'mbali kupita pakati. Mayi wina anandidula mawu: "Ndiye ngati zoyera zija zimamatirira m'ketulo tikamaphitsa madzi a pa mjigo?" Ndinasangalala kwambiri, chifukwa ngakhale mchere wake ndi wosiyana, kachitidwe kake n'kofanana. Mizere ya agate ndi imeneyo. Mphako ikapanda kudzaza, pakati pamamera timiyala tosongoka ta quartz. Mwala wobiriwira ngati mtambo womwe Ngabu imadziwika nawo kunja ndi wa mtundu womwewu wa silika.

Ndinawaonetsanso kasiyanitsidwe ka agate ndi calcite, mwala wina wofewa amene amadzaza mphako zina n'kumanamiza anthu. Calcite amakandika ndi mpeni, ndipo ukamudonthezera asidi amachita thovu. Agate mpeni umangoterereka.

Lachinayi linali lowawa. Ndinapeza anyamata atatu atakumba dzenje lakuya kupitirira msinkhu wa munthu, masabata awiri osapeza kanthu. Anali atalowa pakatikati pa chiphalaphala, pomwe mwala ndi wogwirana wopanda bowo. Mphamvu zonsezo, padzuwa la kuno, zinangopita pachabe chifukwa panalibe wowauza. Tinayenda nawo m'khwawa louma mpaka pomwe chiphalaphala chimodzi chimathera china n'kuyamba, ndipo ndinawalozera mzere wa mwala wa timabowo kuti aziutsata cham'mbali m'malo mopita pansi. Ndinawachondereranso kuti asamafukule kunsi kwa khoma la dzenje, chifukwa mvula ikangogwa dothi la pamwamba limagumuka mosachenjeza.

Lachisanu ndinakhalira kulemba manambala pa timatumba ta miyala ndi kuika malo ake pa mapu. Tikukweza katundu m'galimoto, bambo achikulire aja anabwera ndi mwala woswedwa pakati, mizere yake yotuwa ndi yoyera ikuoneka bwinobwino. Anandigwira mkono, n'kuika chala pa mzere wa kunja kwenikweni.

"Ndiye madzi oyamba ndi awa?"

"Ndi amenewo, bambo."

Anaupukuta ndi malaya awo, nati akukaonetsa adzukulu.