Tsiku lomwe sitima inatsala pang'ono kutisiya ku Civitavecchia

Potsika m'sitima ya pamadzi padoko la Civitavecchia ku Italy m'mawa uja panali chikwangwani pakhomo: aliyense akhale atabwerera pofika 6:30 madzulo, sitima inyamuka 7 koloko. Ndinachijambula pafoni, koma mumtima ndinali ndi maganizo a Ilala, yomwe imaima maola pa Likoma, maboti akutuluka ndi kulowa mpaka thumba lomaliza la chimanga litatsika. Zapamadzi za ku Ulaya kuno zilibe chisoni chotero. Ukapita ndi gulu lomwe sitima yakonza, amakudikira. Ukapita pawekha n'kuchedwa, udzaiona ikuchepa m'nyanja.

Ife tinasankha kupita patokha chifukwa ulendo wa gulu wopita ku Rome ankatchaja ma euro opitirira 100 munthu mmodzi, ndipo achemwali anga atamva mtengowo anangoti, "Ndalama zimenezo ndi matumba angati a feteleza?" Sitima ya panjanji ndi ma euro osakwana 5 ulendo umodzi. Chomwe mabulosha sanena mokweza n'choti Rome ilibe doko la sitima zikuluzikuluzi. Mumaima ku Civitavecchia, makilomita pafupifupi 80, ndipo musanafike n'komwe pasiteshoni mumayamba mwakwera basi yaulere yokutulutsani m'doko mpaka pa Largo della Pace, kenako kuyenda pansi mphindi ngati 20. Tsiku la maola 11 limatsala la maola 7 mukachotsa msewu.

M'mawa zonse zinayenda. Tinatsikira pa Roma San Pietro, siteshoni yoyandikana ndi Vatican, m'malo mopitirira mpaka ku Termini, siteshoni yaikulu ya Rome. Kulowa m'tchalitchi cha St Peter n'kwaulere, mumalipira ndi miyendo pamzere wosecha zikwama. Salola mapewa kapena mawondo oonekera, ndipo atsikana awiri omwe anali patsogolo pathu anabwezedwa. Achemwali anali ndi diresi yopanda manja. Anangosolola chitenje m'chikwama n'kufunda, mlonda n'kugwedeza mutu. Pamwamba pa denga, pomwe pali masitepe 551, sitinakwere chifukwa cha bondo lawo.

Pamenepo tikanabwerera, bwenzi nkhani ino palibe. Koma dyera linandigwira ine. Ndafika ku Rome, ndibwerere osaona kasupe wa Trevi? Colosseum nayo, bwalo lakale la masewera la Aroma? Tinathamangira konseko dzuwa lili pamutu, kumwa madzi pa timipopi ta mumsewu tomwe amati nasoni (ndi abwino, ndi aulere, nyamulani botolo). Pa Trevi ndinaona misana ya anthu kuposa madzi. Colosseum tinangoizungulira kunja, poti matikiti amafuna kugula masiku asanafike. Lero mukandifunsa zomwe ndinaona masana amenewo, ndimatsegula foni kuti ndikumbuke.

Ku Termini tinafika 4 koloko itadutsa. Bolodi linalemba pulatifomu 27. Tinayenda, 20, 22, 24, basi manambala atha. Kani mapulatifomu a 25 mpaka 29, komwe sitima za ku Civitavecchia zimakonda kuimira, ali kutsogolo kwenikweni, kuyenda mphindi ngati 10 motsata pulatifomu 24. Ndi bondo la achemwali zinakhala 15. Tinafika zitseko zikutseka, n'kuiona ikuchoka.

"Ndinakuuza kuti tibwerere," anatero achemwali.

"Pepani, achemwali."

"Pepani wakoyo atifikitsa ku Malta?"

Yotsatira inachedwa kunyamuka, ndipo inaima paliponse. Ine maso pa wotchi, kuwerengetsa: tikafika 6:10, kuyenda mphindi 20, basi ya m'doko, sizikwana. Mapasipoti tinali nawo, chimenecho chokha ndinachita mwanzeru, komanso kapepala ka tsiku ndi tsiku ka m'sitima komwe amalembapo nambala ya wothandiza wa padoko. Ndinaimba, sinayankhidwe. Ndinayamba kuganiza za hotela, za tikiti ya ndege, za mankhwala a BP a achemwali omwe anali m'kabati mwathu.

Moyang'anana nafe munakhala gogo wina wa tsitsi loyera, jumbo ya ndiwo zamasamba pamiyendo. Anayang'ana makhadi a sitima omwe tinakoleka m'khosi, anayang'ana wotchi yake, n'kufunsa liwu limodzi, "Nave?" Ndinavomera ndi mutu ngakhale sindinkadziwa kuti limatanthauza sitima ya pamadzi. Ndinamuonetsa chithunzi cha chikwangwani chija. Anatulutsa foni n'kuyamba kulankhula mokweza, dzanja linalo likuuluka m'mwamba ngati akukalipira mwana woba shuga. Atamaliza anagwira bondo la achemwali n'kulisisita, osanena kanthu.

Titatsika, panja pa siteshoni panali ka Fiat kakang'ono, injini ikulira, mnyamata wa ovolosi yopakika penti ali pachiwongolero. Gogo anatikankhira kumbuyo, iye kutsogolo ndi jumbo yake, ndipo njira yonse ankamulozera mwana wakeyo pokhota ngati kuti kwawoko sakukudziwa. Mphindi zisanu tinali pa Largo della Pace, basi ya m'doko ikutseka chitseko. Ndinatulutsa ma euro 20, mnyamata anakweza manja onse awiri kukana. Achemwali anavula chitenje chija paphewa n'kuchiponya pamiyendo ya gogo kudzera pawindo, tili kuthamanga.

Tinakwera sitima 6:28. Anthu omwe anali pamakhonde a zipinda zawo anatiombera m'manja, ena akujambula. Manyazi ake sindinawaonepo.

Madoko otsalawo ndinasintha. Doko limodzi, chinthu chimodzi, ndipo ndimabwerera kutatsala maola awiri. Ku Naples sitima imaima m'tauni momwemo, pafupi ndi Castel Nuovo, ndiye mabwinja a mzinda wakale wa Pompeii tinawasiya dala, tinadya pizza n'kumwa khofi choimirira pakauntala, poti ukakhala pampando mtengo umakwera. Ku Valletta, likulu la Malta, n'kosavuta koposa: kuchoka padoko pali chikepe cha euro imodzi chokukwezani mpaka ku Upper Barrakka Gardens, komwe amaomba mzinga 12 koloko masana. Achemwali anakhala pabenchi ola lathunthu akuyang'ana nyanja, akuti akufuna aone madzi omwe anaswa ngalawa ya Paulo. China chondinyansa n'choti foni ikagwira netiweki ya sitima pakati pa nyanja, ndalama zimatha ngati madzi a m'dengu, ndiye muziithimitsa data. Ndipo a pasipoti ya Malawi, ngakhale mukukhala ku UK ngati ine, viza ya Schengen (yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya) ikufunika, yambani msanga.

Za chitenje chija achemwali sanaiwale. Akuti chinali cha waksi weniweni, anachigula ku Limbe, ndipo popeza wochedwetsa anthu ndinali ine, ndigule china. Ndagula kale ziwiri, zonse akuti mtundu wake si womwewo.