Kaseti yanga ya 1994 inandiyalutsa pa ukwati

Mchemwali wanga anakwatitsa mwana wake wamkazi mwezi watha, ndipo madyerero anali muholo ina kufupi ndi nsanja ya wotchi ija, pa boma pa Mangochi. DJ anali kamnyamata ka dzulodzuloli. Kuyambira masana kankangotiwaza ndi amapiano, nyimbo ya mawu atatu okha koma kugunda ngati chigayo cha dizilo.

Ine monga malume, mwinimbumba weniweni, ndinabwera wokonzeka. M'chikwama munali wailesi yanga ya kaseti, mabatire sikisi amene ndinawayanika padzuwa masiku awiri, ndi kaseti imodzi ya mu 1994. Ana a lero sangamvetse thukuta limene linali pa kaseti ngati imeneyo. Nthawi imeneyo wailesi m'dziko muno inali MBC yokha. Unkakhala chete chala chili pa batani, kudikira muulutsi atseke pakamwa, kenako n'kudina mabatani awiri nthawi imodzi. Tambala akalira pakhomo, nayenso ankalowa momwemo. Tepi ikatafunidwa, dokotala wake anali bolopeni.

Nthawi ya perekaniperekani itakwana ndinalanda maiki. "Ana inu, nyimbo zinatha kale kuimbidwa. Agogo Giddes Chalamanda anabadwa mu 1930, koma mu 2020 si inu nomwe munkawavina pa mafoni anuwo? Lero mumve gitala wa ku Balaka."

Ndinagunditsa maiki pa sipika n'kudina. Abale, zinayenda. Azimayi anamanga zitenje m'chiuno, madala amene ankadandaula maondo anaiwala ndodo, ngakhale ka DJ kaja kankagwedeza mutu mobisa. Ine pakati, mapewa m'mwamba, ndikuloza achinyamata kuti mwaonatu.

Nyimbo ili pakati inangoti khwaa! Zii. Kenako kunamveka munthu akutsokomola.

"Halo, halo. Ndine ndemwe. Usiku sindikugona. Ndikakuona ku chigayo mtima wanga umaphiriphitha ngati usipa m'chilimira. Ngakhale chambo sichikundikomanso."

Ndinayamba kuseka nawo limodzi, ndikudzifunsa kuti chitsiru chimenechi ndi cha kwa yani. Mpaka mawuwo anatchula dzina langa lonse, ndi la mudzi womwe. Apo m'pamene ndinakumbuka: usiku wina ndinatseka timabowo ta kaseti ija ndi pepala n'kujambulapo mawu ofunsira mtsikana, koma kutacha mantha anandigwira, osaitumiza.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndi nkhani ya ubwana chabe. Koma mnyamata wa m'kasetiyo anatchulanso dzina la mtsikanayo, katatu konse, ndipo silinali la mayi a kunyumba kwanga. Linali la mayi ake a mkwati, amene anakhala kutsogolo atamanga duku lalikulu, amuna awo ali pambali ndi mkanjo woyera.

Ndinathamangira batani loimitsira, kuiwala kuti linathyoka kalekale. Kunyumba ndimazimitsa pochotsa mabatire, koma tsikulo chitseko chake ndinachimanga ndi malegeni mfundo zitatu poopa mabampu a kabaza. Ndikulimbana ndi mfundo ndi mano, mnyamata uja anayamba kuimba. Mawu ake ngati mbuzi yokodwa pa mpanda.

MC sanachedwe. "Amene akufuna malume azimitse aponye uku! Amene akufuna timve mpaka kumapeto aponye uko!" Ine ndinakhuthula zonse za m'thumba, mpaka ya thiransipoti. Mbale yanga inali ndi ine ndekha. Inayo inasefukira, ndipo amene anatsekera ndi K5,000 yatsopano anali mayi a kunyumba kwanga omwe, akuvina pang'onopang'ono, osandiyang'ana n'komwe.

Pano ndikamawoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi, anyamata a kabaza amandiimbira belu n'kumakuwa, "Mjomba, usipa uli bwanji m'chilimira?" Ka DJ kaja akuti kanajambula zonse n'kuikamo ng'oma zake zija, ndipo kakuivinitsa m'maukwati mpaka ku Monkey Bay.

Kunyumba nkhaniyi sinatchulidwe sabata yonse. Dzulo madzulo ndinapeza wailesi ija ili pa mkeka, m'kati muli mabatire atsopano ogula.

"Abambo, khalani pansi," anatero mayi. "Ija inali mbali A. Tembenuzani."