Zikomo a ku Mchinji, gulu loyamba la amayi lamaliza mafizo a m'chiuno

Ife anamwino ndi azamba amene takhala tikukumana ndi amayi kuno ku Mchinji pa vuto la kudontha mkodzo tati tithokoze poyera. Gulu loyamba lamaliza miyezi itatu ya mafizo, ndipo ambiri tsopano akuseka, kutsokomola ndi kusenza ndowa chitenje chili chouma.

Zikomo mafumu potilola kukamba nkhaniyi m'midzi yanu. Zikomo alangizi a zaumoyo amene munapalasa njinga kukaitana amayi ku Mkanda, ku Kapiri ndi ku Waliranji, komanso amayi a banki m'khonde amene munkatipatsa mpata musanayambe kuponya masheya. Anamkungwi, inu ndi amene munamasula amayi kuti ayankhule, patokha sitikanatha. Abambo amene mwayamba kunyamula nokha matumba a chimanga ndi mtedza, Mulungu akudalitseni. Koposa onse tikuthokoza amayi eni ake, chifukwa si chapafupi kuulula kuti unasiya kugona kumaliro poopa fungo.

Amene simunabwere, zimene tinaphunzitsa ndi izi. Pansi pa chiuno pali minofu imene imachirikiza chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, ndipo imathandiza kutseka njira ya mkodzo. Munthu akatsokomola, kuyetsemula kapena kunyamula cholemera, m'mimba mumakankhira chikhodzodzo pansi. Minofuyi ikafooka, mkodzo umathawa pang'ono mwini wake asanamve n'komwe kuti akufuna kukodza. Zimene zimaifooketsa kwambiri ndi pakati ndi kubereka, makamaka matenda akatenga nthawi yaitali kapena mwana akakhala wamkulu. Kunenepa, chifuwa chosatha, kudzimbidwa ndi kusiya kusamba zimawonjezera. Za ufiti zimene ena amanong'onezana palibepo apa.

Mafizowa anawafotokoza dokotala wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948, ndipo safuna ndalama. Yambani mutakodza kale. Gonani chagada, mawondo mutapinda. Finyani ngati mukubweza mpweya woipa pagulu, n'kukokera m'mwamba njira ya mkodzo ndi njira yoberekera pamodzi. Gwirani masekondi 3 mpaka 5, masulani, pumulani nthawi yomweyo. Bwerezani maulendo 8 mpaka 10, katatu pa tsiku. Mphamvu ikamabwera, onjezani pang'onopang'ono mpaka masekondi 10, ndipo pomaliza finyani ndi kumasula mofulumira maulendo 10. Mukazolowera chogona, chitani mutakhala pansi, kenako mutaimirira, ngakhale pamzere wa pamjigo, palibe amene amaona.

Pamene ambiri amaphonya ndi pofinya penipenipo. Ena amalimbitsa matako ndi ntchafu, ena amagwira mpweya mpaka nkhope kusintha, ndipo ena amakankhira pansi ngati akubereka, zimene zimangokulitsa vuto. Muzipuma bwinobwino. Kuti mudziwe ngati mukukhoza, sambani m'manja, lowetsani chala m'njira yoberekera n'kufinya: muyenera kumva chala chikugwidwa ndi kukokedwera m'kati. Kudukiza mkodzo muli m'chimbudzi musakusandutse mafizo a tsiku ndi tsiku, chifukwa chikhodzodzo chimazolowera kusamaliza. Kumasula kulinso ndi ntchito yake, musamakuthamangire.

Nzeru ina imene imathandiza msanga ndi kufinya minofuyi musanatsokomole, kapena musanadzutse ndowa ya malita 20, n'kumasula mukamaliza. Ndowayo mukanaigawa pawiri bwenzi zili bwino, ngakhale tikudziwa kuti mjigo suli pakhomo.

Amayi ambiri amachepetsa kumwa madzi kuti asadonthe. Musatero. Mkodzo wokhuthala umanyanyula chikhodzodzo, ndipo kudzimbidwa kumabwera, munthu n'kumadzikakamiza m'chimbudzi pa minofu yofooka kale. Imwani malita 1.5 mpaka 2 pa tsiku, idyani ndiwo zamasamba, nyemba, mapapaya ndi nsima ya mgaiwa. Amene thupi lakula, kutsitsako makilogalamu ochepa kumachepetsa kudontha.

Si kudontha konse kumene mafizo angathetse. Ngati mkodzo ukungotuluka usana ndi usiku osaleka kuchokera pamene munabereka movutikira, ikhoza kukhala fistula, bowo la pakati pa njira ya mkodzo ndi njira yoberekera, ndipo imeneyi imasokedwa. Ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo othandizira amayi otere, yambirani kuchipatala chapafupi akakulembereni kalata. Kuwotcha pokodza, magazi mumkodzo kapena kutentha thupi zimafuna kuyezetsa, pena ndi matenda a m'chikhodzodzo, pena ndi likodzo. Chifuwa chopitirira milungu iwiri kayezetseni TB. Mukamamva chinthu chikutsika kunjira yoberekera, kaonetseni azamba.

Kusintha kumachedwa, nthawi zambiri pamapita milungu 6 mpaka 12, n'chifukwa chake timati miyezi itatu osadumphitsa. Ikatha koma palibe kusintha, bwererani kuchipatala, chifukwa pali kampira kochirikiza kamene amalowetsa kunjira yoberekera, ndipo palinso opaleshoni. Amayi amene mwamaliza, musaleke, minofu ikasiyidwa imafookanso. Za gulu lachiwiri mudzamva kwa alangizi a zaumoyo ndi kusikelo, koma amayi oyembekezera ndi amene mwangochira kumene mukhoza kufunsa azamba akuonetseni mafizowa tsiku lomwe mwabwera kusikelo.