Sindinabe mbuzi, ndinkagoneka mwana

Poti nkhani yafika kale mpaka ku Nchalo, ndipo dzulo wakabaza wina amene sindimudziwa n'komwe wandilonjera kuti "mwaswera bwanji aphunzitsi a mee," ndaona kuti ndiyankhule ndekha inu musanaithire mchere wina. Inde, anandigwira. Inde, panali pakhola la mbuzi la aneba, nthawi ili cha m'ma 1 koloko usiku. Koma zoti ndinali maliseche n'zabodza, kabudula ndinavala. Zoti ndinalira n'zabodzanso, linali thukuta. Ku Ngabu kuno mwezi wa Okutobala ngakhale mwala umatuluka thukuta.

Gwero lake ndi bere. Mayi akunyumba anatsimikiza zoletsa mwana kuyamwa. Kusikelo alangizi amati mwana ayamwe mpaka zaka ziwiri, ndipo wathuyu watsala ndi miyezi iwiri yokha kuti akwanitse, koma anayamba kuluma, ndiye ndi mano 16 amene ali m'kamwamo sikuluma kwamasewera. Apongozi analangiza kuti apake tsabola kubere. Mwana wobadwira ku Chigwa uyu ananyambita tsabolayo, n'kutsinzina pang'ono, n'kupitiriza ntchito yake. Nzeru inatsala inali imodzi, yoti mayi akagone kwawo ku Bangula masiku awiri kuti mwana aiwale. Mlamu wanga anadzipereka kudzagona kuno, ine n'kukana. Ndinati ine tsiku lililonse ndimalimbana ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi ya Sitandade 3, ndiye kamodzi kokhaka kangandikanike? Mawuwo ndinayankhula anthu akumva, pasiteji, minibasi ikunyamuka.

Masana zinayenda ndithu. Ndinaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ngakhale linatuluka ndi zibuluma zoti mutha kuponyera mbalame. Abwanawo analandira masupuni atatu, lotsala anadzola kumutu ndi m'makutu. Ndinawasambitsa m'beseni, n'kuwajambula, chithunzi n'kutumiza ku Bangula ndi mawu oti "zonse zili bwino, pumulani." Chithunzicho mayi akuchionetsa aliyense pano.

Muyenera kudziwa chinthu chimodzi kuti mumvetse mlandu wanga. Mwana wathu bere salitchula dzina lake. Amati "mee." Sitinamuphunzitse ndife, anangoziyamba yekha, ndipo mpaka usiku umenewo tinkaona ngati n'zokoma.

Itangokwana 8 koloko anayamba. Mee. Ndinamupatsa madzi, anakankha. Nthochi, anaifinya m'manja akundiyang'ana m'maso. Tiyi wamkaka analawa n'kulavula, ngati akuti musandipusitse bambo, mkaka ndimaudziwa. Kenaka magetsi anathima, fani n'kuima. Inu a kumtunda simungamvetse. Ine kwathu ndi ku Dedza, komwe usiku timalimbirana bulangete. Kuno masana kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo malata amasunga motowo kuti adzakubwezereni usiku. Mukalowa m'neti mumakhala ngati mbatata mumphika wovundikira, mukatuluka m'neti udzudzu ukuti takulandirani. Ndinamuonetsa zidole za pafoni mpaka batire linatha. Apo ndiye anakwiya zenizeni. Anandikwera pamimba, n'kukweza malaya anga, kufufuza mbali iyi, kufufuza mbali iyo. Atapeza zimene anapezazo anakhala chete kwa kamphindi, n'kundiyang'ana. Ndakhala ndikunyozedwa pa moyo wanga, koma maso ngati amenewo sindinawaonepo. Kenaka anatsegula kukamwa mpaka agalu a kutsidya kwa msewu anayankha.

Pofika pakati pa usiku ndinakumbukira kuti mayi ake zikavuta amangomubereka. Ndinavula malaya chifukwa anali atanyowa ngati ochapa, n'kutenga chitenje chawo chakwaya, chija amachisunga pansi penipeni m'sutikesi, poti mumdima ndi chimene dzanja linagwira. Amayi mumatinamiza, kubereka mwana kumaoneka kophweka. Mumangowerama, mwana pamsana, nsalu kuti psii, kupisa apa, kupisa apo, basi mwanyamuka mukuyankhula nkhani zina. Ine ndinawerama katatu mwana akutsetserekera m'mbali. Kachinayi ndinati zakupisazi n'zachibwana, ndinamanga mfundo ziwiri pachifuwa monga timangira thumba la makala panjinga. Kunja kunali kamphepo pang'ono koma udzudzu unali wochita kumveka ngati msonkhano, ndiye ndinamufunditsa mwana chitenje china mpaka kumutu, inenso n'kudziponyera thaulo pamutu. Ameneyo si malungo ndinkapewa? Mukanakhala inu mukanatani?

Tsono za khola. Mwanayu amakonda mbuzi. Masana akalira timapita naye kwa aneba kukaona timbuzi, amatonthola. Khola lawo ndi lija lam'mwamba, la mitengo, lokhala ndi kamakwerero. Ndinafika pamenepo n'kuyamba kuzungulira, uku ndikudumphadumpha pang'ono monga amachitira amayi. Nyimbo zotonthoza mwana zinandithera msanga, ndimadziwa imodzi yokha, theka lakenso. Zakwaya zinamukwiyitsa. Mphunzitsi akasowa chonena amabwerera ku zimene amadziwa, ndiye ndinayamba thebulo ya 7 motsitsa mawu, chifukwa kusukulu ikangoyamba imeneyi theka la kalasi limasinza. 7, 14, 21, 28. Ndipo inagwira ntchito. Kulira kunayamba kuchepa, kukungotsala ka "mee" kotalikirana.

Chimene sindinkadziwa n'choti sabata imeneyo mbuzi zinabedwa m'makola awiri m'mudzimo, ndipo abambo anapangana zolondera usiku. Msonkhano wake ndinaitanidwa koma ndinali ndi mapepala ochonga.

"Ima pomwepo!"

Matochi atatu kumaso. Anthu asanu, zibonga, mpini, chikwanje, ndi kamnyamata kena kali ndi wezulo m'khosi. Tsopano taganizirani zimene iwo ankaona. Munthu wopanda malaya, nkhope yobisa m'thaulo, akuzungulira khola la eni ake usiku, akung'ung'udza manambala, kumsana kuli chimtolo chofundidwa chimene chikugwedera. Ndipo nthawi yomweyo, ngati wachita kutumidwa, mwana wanga wobala ndekha anatulutsa mawu ake otsiriza a tsikulo, ofooka, onjenjemera kumapeto.

"Meee."

M'kholamo mbuzi yaikazi inayankha.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ena mukuti ndinachita mwano. Mbuzi itangoyankha ndinamva kamutu kakugwera pakati pa mapewa anga, thupi lonse n'kulemera, timiyendo n'kulendewera. Malovu ofunda anayamba kutsika pamsana. Wagona. Maola asanu ankhondo, wagona. Pa nthawi imeneyo chibonga sindinkachiopa. Chimene ndinkaopa padziko lonse chinali phokoso. Ndiye ndinaika chala pakamwa n'kuuza anthu asanu okwiya kuti, "Shhh."

"Akuti chiyani?"

"Akuti tikhale chete, atcheya."

"Iwe, tsitsa katunduyo pansi!"

"Pepani madala, sindingathe," ndinanong'ona. "Ndamuvutikira kwambiri."

"Wavomera! Akuti waivutikira!"

Vuto linanso linali loti sindikanasiya kugwedezeka. Aliyense amene analerapo amadziwa, ukangoima mwana amadzuka. Ndiye atcheya akundifunsa mafunso ine ndikungonjanja, bondo pansi, bondo m'mwamba, kumanzere, kumanja. Wa mpini uja anati ndikukonzekera kuthawa. Mkulu wina wa imvi, amene Chichewa chake chimasakanikirana ndi Chisena, anati ayi, musayandikire, ameneyu akutakasa zitumwa. Onse anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Ine ndikunjanjabe.

"Nanga umawerenga chiyani? Takumva. Unafika pa 63."

"Thebulo, madala."

"Eni khola ali ndi mbuzi 9. Iwe 63 waitenga kuti?"

"9 kuchulukitsa ndi 7."

"Mwamva? Wawerengetsa kale ndi phindu lomwe. Izi zimapita kuchiwaya mawa."

Ndinawapempha, mawu ali pansipansi, kuti angovundukula aone okha, koma mwaulemu. Atcheya sanafune kugwira ndi dzanja. Anatambasula chibonga, n'kukweza nsonga ya chitenje pang'onopang'ono, matochi onse atalunjika pamenepo. Panatuluka kaphazi. Panakhala bata. Wa chikwanje anawerama n'kuwerenga zala, ndinamumva ndithu, mpaka zisanu.

"Si chiboda ichi, atcheya."

Kamnyamata ka wezulo sikanakhutire. Kanati akuba amasiku ano ndi ochenjera, amatha kusandutsa mbuzi kuti izioneka ngati munthu mpaka atadutsa pa rodibuloko ya pa Thabwa. Mkulu wa imvi anagwedeza mutu kuvomereza. Anadzutsa aneba kuti awerenge ziweto zawo. Aneba anakwera kamakwerero kaja ndi tochi, anawerenga kawiri, zonse 9 zilipo. Atatsika anandiunika kumaso, n'kuchotsa thaulo lija ngati akuvundukula mphika.

"Aa! Aphunzitsi?"

Wa mpini uja anaponya mpini kumbuyo kwake. Mwana wake ndimamuphunzitsa ine, ndipo sabata yapitayo ndinamuitanitsa bamboyu kusukulu n'kumulangiza kwa theka la ola za udindo wa kholo. Tsopano anali kundiona ndili chilili, mimba pamtunda, chitenje chakwaya chitandifinya pachifuwa mpaka kutulutsa zinthu zimene mwana ankazifuna zija, ndikuvina gule wopanda ng'oma. Sanaseke. Ndimamulemekeza bambo ameneyo mpaka lero. Anangoyang'ana kumwamba, mapewa okha ndi amene ankagwedera.

Chodabwitsa n'choti atangodziwa kuti ndi mwana, ndiponso kuti wangogona kumene, onse anayamba kunong'ona. Palibe anawauza. Amuna asanu ndi zida zawo, komanso aneba, onse mawu pansi. Atcheya anazimitsa tochi n'kufunsa kuti wayamba nthawi yanji. Nditati 8 koloko, anaimba mluzu wa chisoni, wa chikwanje n'kuwatseka pakamwa. Anati awo a kunyumba ataletsa wachitatu, iwo anakagona kudimba masiku anayi. Mkulu wa imvi anati cholakwa changa n'kumufunditsa, mwana wa kuno safuna nsalu, umangomupukuta ndi kansanza konyowa. Wina anati ndikanamupatsa phala lamadzulo lolimbirako kuti mimba ilemere. Malangizo onsewa akuperekedwa tikuyenda, chifukwa anagamula kuti andiperekeze, ndipo poti ine ndinkayenda monjanja, posakhalitsa ndinaona kuti nawonso akutsata sitepe yanga. Mdipiti wa anthu asanu ndi awiri, mwezi ukuwala, tikunyang'ama ngati tanyamula mazira. Galu wina atafuna kuuwa, kamnyamata ka wezulo kanamugwadira kumupepesa.

Kunyumba kunatsala ntchito yotsitsa. Mfundo zanga zija zinali zitamwa thukuta n'kuuma gwa. Ndinayesa ndi zikhadabo, zinakana. Atcheya anayesa ndi mano, nkhope yawo ili pachifuwa panga, ndipo za mphindi imeneyo sindikufuna mafunso. Pomaliza wa chikwanje anati palibe kuchitira mwina. Awiri anagwira mwana kumbuyo, mmodzi mutu wina matako, aneba akuunikira, chitenje chakwaya n'kuchekedwa pang'onopang'ono ngati opaleshoni. Mwana anatsika osatsegula ndi diso limodzi lomwe. Tinamugoneka pamphasa, wa mpini n'kupisira neti m'mbali zonse mwaluso loti ndinachita manyazi ndi uphungu wanga uja. Tinaima mozungulira, kumuyang'ana akupuma. Ndinamva chikondi chachikulu pa anthu amene mphindi 30 zapitazo ankafuna kundiphwanya mutu.

Ndiye poti ndinaleredwa bwino, kwathu ku Dedza munthu akakuchitira zabwino suthokoza ndi pakamwa pokha. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kupinda mawondo pang'ono, n'kuomba m'manja. Katatu. Mokweza, mochokera pansi pa mtima.

"MEEE!"

Sindinaonepo anthu akuluakulu akutuluka m'nyumba mwa liwiro lotero. Atcheya anangoti, "Aphunzitsi, ife tikaone mbali ya kumsika," mawuwo akumveka ali kale kuseri kwa bafa. Chibonga chawo anachiiwala pakhonde, chilipobe, abwere adzatenge.

Mayi anafika ndi minibasi yoyamba, chifukwa uthenga umene unafika ku Bangula m'bandakucha unali woti mkamwini wagwidwa ndi mbuzi ziwiri ndipo ali m'manja mwa anthu. Anatipeza tonse awiri tili pakhonde, maso ofiira, tikudya nthochi yofinyika ija. Sanafunse kanthu. Anakhala pansi, mwana n'kulandira mee wake, mphindi ziwiri zisanathe ali m'tulo. Zoletsa kuyamwa akuti tidzaziona mu Disembala akakwanitsa zaka ziwiri, ndipo mlamu wauzidwa kale kuti adzabwere.

Chitenje ndikulipira mwezi ukatha. Aneba tikulonjerana bwinobwino, kungoti pakhola paja aikapo loko watsopano, akuti anagula kalekale.