Kalata sidziwa kuti yakwera chiyani

Lachiwiri usiku, magetsi atabwera cha m'ma 11, ndinatsegula base.py, fayilo ya m'foda ya backends (code yotumizira imelo) mu Django, chida cha Python chopangira mawebusaiti, ndipo ndinaseka ndekha mpaka achemwali anafunsa ali kuchipinda ngati ndili bwinobwino. Fayiloyo ndi yaifupi. BaseEmailBackend, kalasi ya m'fayilomo yomwe backend zonse zimatengerako, kwenikweni ili ndi open, close ndi send_messages, ndipo send_messages yakeyo situmiza kanthu, imangoponya NotImplementedError, uthenga wonena kuti ntchitoyi sinalembedwe pano. Masabata atatu ndakhala ndikuopa nkhokwe yopanda chimanga.

 Vuto langa linali ili. Ndikupanga kapulogalamu ka gulu la alimi a mbatatesi kuno ku Ulóngwè, ndipo code yotumiza imelo ndi smtplib, chida cha Python chotumizira imelo, ndinailemba katatu: pa risiti, pokumbutsa ngongole ya feteleza, ndi posintha password. Tsiku lina zonse zinagwa ndi UnicodeEncodeError, vuto la chilembo chimene code yalephera kuchilemba, chifukwa cha kachizindikiro kali pamwamba pa ó m'dzina la tauni yathu yomweyi. Ndinakonza pa risiti, kwinako n'kuiwala. Patapita masiku anayi zinagwanso, asekeletale a gulu ali chiimire kumbuyo kwanga.

Chimene chinanditseguka m'mutu n'chakuti kalata ndi ina, wonyamula ndi wina. Kalata ukaipatsa kondakitala wa chapa yopita ku Tete kapena mnyamata wa njinga yamoto wolowera ku Dómuè, mawu ake sasintha. Mu Django, EmailMessage ndiye kalatayo. Backend ndi wonyamula. Code ya pakati, base.py ija, ntchito yake n'kungonena kuti aliyense wofuna kunyamula akhale ndi send_messages. Ndiye mwa onyamula a Django, smtp imapitadi pa intaneti, console imangolemba pa sikirini, filebased imasunga m'fayilo, locmem imaunjika mu mndandanda wotchedwa mail.outbox nthawi yoyesa code. Usinthe mzere umodzi wa EMAIL_BACKEND, womwe umatchula wonyamula, kalata yakwera china. Mamega amene ndinawotcha podzitumizira maimelo oyesera, console ilipo yaulere, ndikawakumbuka mtima umawawa.

Panopa ndikuona ngati palibe njira ina yophunzirira koma kutsegula code ya eni ake n'kuwerenga. Mavidiyo ndawasiya. Mnzanga wa ku Moatize akuti ndikukokomeza, mwina, koma fayilo imodzi yandiphunzitsa zimene semesita yonse inalephera.

Aphunzitsi athu herança (kalasi kutengera za kalasi ina) ndi polimorfismo (makalasi osiyana kuchita lamulo limodzi m'njira zawozawo) anatilembetsa m'kope ngati katekisimu. Chitsanzo chake chomwechomwecho: Animal, Cão, Gato, galu akuuwa, mphaka akulira. Ndani analembapo pulogalamu ya galu wouwa? Akanangotiwonetsa backend ziwiri pambali pa inzake, ola limodzi likanakwana. Ukafunsa amati nthawi yatha, tionana sabata yamawa, ndipo sabata yamawayo kuli mayeso. Komabe sindingawadzudzule kwambiri, makompyuta oyaka m'labu muja ndi owerengeka, ife tili gulu.

Pali pamene sindinafikebe. Netiweki ikaduka pakati potumiza, kuyesanso kukhale kuti, mu code ya pakati kapena mwa wonyamula aliyense? Nanga alimi ambiri a gululi alibe imelo n'komwe, amafuna SMS. Ndayamba kulemba backend yanga yolandira EmailMessage n'kuitumiza ngati SMS, koma mutu wa kalata ndi attachment ndikusowa kozipititsa. Kaya ndi nzeru, kaya ndikukweza ng'ombe pa njinga, sindikudziwa. Fayilo ya backend yangayo ili ndi mizere 9 ndipo ndaisiya pomwepo.